Mlamu Wanga Ndiye Makutu Anga

Coronel, 5 Meyi 1912

Wokondedwa mkazi wanga Clorinda,

Ndikhulupirira kalatayi ikupeza uli bwino pamodzi ndi ana athu, Zoila ndi Onofre, komanso apongozi anga amayi Ermelinda. Ife kuno tili moyo. Ine ndikungonena, wolemba ndi mlongo wako Baudilio, choncho ukaona mawu opusa udziwe kuti si anga.

Ntchito ya mu mgodi wa malasha sinavute kupeza. Akulemba aliyense wa manja awiri chifukwa sitima zafola padoko kudikira malasha. Atiika malo amodzi, ine ndikukumba ndi piki, Baudilio akupakira m'ngolo n'kumakankha. Timatsika ndi chikepe, kenaka ulendo wapansi wautali mpaka tifike pokumba, ndipo pokumbapo ndi pansi pa nyanja. Madzi odontha kudenga ndi amchere, ndinalawa ndekha.

Amalipira pa ngolo yodzaza, ikachuluka miyala amaikana. Theka la malipiro amatipatsa timakobiri tawo togulira m'sitolo ya kampani mokha, momwe shuga ndi wodula kuwirikiza wa kwathu ku Quirihue. Timagona kwa mayi wina wamasiye, bedi limodzi anthu anayi, ife usiku, ogwira usiku masana. Timalipeza likadali lofunda.

Pali mkulu wina, a Custodio, wokhoma mizati yochirikiza denga. Tsiku loyamba anatiimika n'kunena kuti, "Inu ochokera kumunda, tamverani. Mizati iyi ndi ya bulugamu, ndipo bulugamu sathyoka mozemba, amayamba walira. Mukamva kuti tche, tche, piki pansi, liwiro. Kuno munthu amakhala moyo ndi makutu. Maso ndi ongopezera fosholo."

Ndatumiza mapeso khumi ndi asanu. Ugule mbewu ya tirigu, mvula isakupitirire. Nkhumba usagulitse ngakhale abwere ndi mawu okoma bwanji. Zomwe ndabwerera kuno ukuzidziwa, ng'ombe ziwiri zapagoli za a Zenón zija, tileke kugawana tirigu wathu pakati ndi mwini ng'ombe chaka ndi chaka.

Amayi uwauze kuti zomwe ndinalonjeza pakhomo pawo sindinaiwale. Mwana wawo ndidzamubweza mu Okutobala akuyenda ndi miyendo yake, akakonzekere ukwati wake ndi Tránsito.

Ine mwamuna wako,
Rosamel Cifuentes

Achemwali, ndine Baudilio. Amuna anuwa mkonono wawo ukuposa injini ya chikepe, munkapirira bwanji? Mumuuze Tránsito kuti ndada ngati kunsi kwa mphika, koma sopo kuno aliko.


Coronel, 23 Juni 1912

Clorinda mkazi wanga,

Moni kwa iwe ndi ana. Ife tilipo, kupatula kachifuwa komwe aliyense ali nako kuno. Malovu amatuluka akuda, koma akuti n'zozolowereka.

Mvula kuno sikupuma. Timatuluka m'madzi a pansi n'kulowa m'madzi a kumwamba, zovala siziuma. Ndaganiza za denga la chipinda cha ana. Upemphe a Zenón akuthandize kusintha matailosi osweka aja, uwapatse botolo la vinyo, ndalama ayi.

Kapitawo wakweza chiwerengero cha ngolo. Akuti malasha a chaka chino apose a chaka chatha, ndipo gulu lotsalira m'mbuyo lipita koyamba akamachepetsa anthu. A Custodio ndi mmodzi yekha wokhomera mizati magulu atatu. Tikafuna mzati msanga tiyenera kukhoma tokha, ndipo nthawi yokhomayo palibe amalipira. Ndiye anthu amangoyang'ana kudenga n'kuti lidikira.

Sabata yatha kunachitika kanthu kakang'ono, ndikukuuza kuti usakamvere kwa ena atakathira mchere. Wophulitsa miyala anayatsa wonga koma sunaphulike. Tinadikira, kuli zii. Ine ndinabwerera kukatenga botolo langa la khofi lomwe ndinaiwala, pomwepo n'kuphulika. Sindinavulale. Ndinangogwa n'kudzuka, m'mutu muli kulira pang'ono, basi. M'mawa mwake ndinatsika ngati masiku onse. Botolo lija linasweka, ndipo latsopano ndagula peso imodzi, kuba kwenikweni.

Ndatumiza mapeso khumi okha chifukwa nsapato zinatha. Onofre asamapite kumtsinje madzi akadzaza.

Ine mwamuna wako,
Rosamel

Achemwali, izi sanandiuze kuti ndilembe, koma poti kuwerenga sadziwa. Khutu lakumanzere linatuluka magazi mpaka pilo kunyowa, ndipo lafa. Lakumanja limamva mukakuwira pafupi. Musauze munthu, ngakhale amayi. Wogontha kuno amamuchotsa tsiku lomwelo, ndipo nkhani zimayenda ndi anthu a kwathu obwera kudzafuna ntchito. Akundifunsa chifukwa chomwe ndikulembera nthawi yaitali, ndawauza kuti ndikukongoletsa dzina lawo.


Coronel, 11 Ogasiti 1912

Clorinda,

Tili bwino, ndipo ndakondwa kumva kuti tirigu wamera ndi kuti Zoila malungo aja amusiya.

Kalata yako inafika. Mlongo wako anawerenga bwinobwino mpaka pomwe ukufunsa za khutu langa, kenaka chifuwa chinamugwira mwadzidzidzi. Ndiye kuti ndikudya mbale imodzi ndi kazitape. Ndamukalipira, ndipo izinso alembe. Ukuti ndibwerere kumudzi. Ndibwerere ndi chiyani? Ndi botolo la khofi? Walira mvula walira matope, Clorinda. Tinafuna ng'ombe, matope ake ndi amenewa.

Usade nkhawa, tapeza njira. Baudilio amamvetsera m'malo mwa tonse awiri. Akafuna ndicheuke amandigenda ndi kachibulumwa ka malasha pamsana. Kamodzi ndiye kuti kapitawo akubwera, tambiri motsatizana ndiye kuti thawa. Msana wanga wadzaza mabala chifukwa mwanayu amagendanso akangotopa ndi kukhala chete.

Tsiku lina kapitawo anaima kumbuyo kwanga n'kumalankhula, ine osadziwa. Baudilio akuti anafunsa kuti, "Kodi Cifuentes ameneyu ndi wamwano kapena ndi wogontha?" Iye anayankha kuti, "Ndi wamwano, bwana, kuyambira kwawo. Ngakhale achemwali anga sawayankha." Kapitawo anaseka n'kupita.

Dzulo linali tsiku la Lorenzo Woyera, nkhoswe ya anthu a m'migodi, palibe amatsika pansi tsiku limeneli. Tinanyamula fano lake kuzungulira mzinda, koma chisangalalo chinali chochepa. Lolemba denga linagwa kumpita wa kumpoto n'kupha anthu atatu. Mmodzi ndi mnzathu wogona pabedi lathu masana, Evaristo, yemwe ndinangomuona nkhope kangapo pakhomo posinthana. Wina anali ndi banja m'nyumba ya kampani, ndipo mkazi wake amuuza kuti atuluke sabata isanathe pakuti nyumba ndi ya wogwira ntchito. Lachiwiri m'mawa pachipata panali mzere wa anthu ofuna malo a akufawo. Bedi lathu lapeza kale wina.

Ndatumiza khumi ndi awiri. Ugulireko amayi shuga ndi makandulo.

Rosamel

Achemwali, musawakalipire kwambiri, amachita manyazi. Piki amaidziwa, ngolo zathu ndi zambiri kuposa za gulu lililonse. Iwo manja, ine makutu. Paja mutu umodzi susenza denga, ndipo denga la kuno lili ndi nyanja pamwamba.


Coronel, 6 Okutobala 1912

Wokondedwa Clorinda,

Ndikhulupirira nonse muli bwino. Ife tilipo.

Ndikudziwa mwezi womwe tili, sukuyenera kundikumbutsa. Anzathu a ku Ninhue ndi ku Portezuelo anyamuka dzulo kubwerera kuminda, ndipo poti anthu achepa kampani yawonjezera masentavo asanu pa ngolo. Munthu wanzeru sachoka nthawi ngati ino. Ndalama ya ng'ombe yangopitirira theka pang'ono. Takambirana ndi Baudilio kuti tikhalebe mpaka Disembala, tidzafike limodzi tirigu asanache.

Ine sindinamugwire mwendo. Ndinamuuza kuti njira ndi iyo, sitima ya pamtunda imanyamuka tsiku lililonse. Iye ndiye anakana. Amayi uwafotokozere bwino, usankhe tsiku lomwe adzuka bwino. Uwauze kuti mwana wawo wanenepa ndipo sakumwa, kupatula Lamulungu.

A Custodio adziwa. Anandikokera pambali pa nthawi yopuma tikudya buledi n'kundiyankhula m'khutu lomwe latsalali. Anati, "Cifuentes, ine ndakhoma mizati zaka zambiri, wogontha ndimamudziwa ndi m'mene amayang'anira milomo ya anzake. Kwa kapitawo sindinena, si ntchito yanga. Koma ukuyenda ndi makutu obwereka, ndipo mwini wake ali ndi mayi." Ndinawayankha kuti aliyense pansi pano amayenda ndi chobwereka, ngakhale mpweya. Sanaseke.

Mpita wathu watsika kwambiri tsopano, ndimakumba nditagona chammbali. Kukutentha moti timagwira ntchito ndi kabudula yekha. Makoswe ndi anzathu, timawagawira nyenyeswa.

Nkhumba ikaswa, ana awiri ugulitse, ndalama usunge m'chitini, usabwereke mlongo wanga ngakhale alire. Uwauze a Zenón kuti ng'ombe zija ndikuzifunabe, makamaka yamawanga ija.

Mwamuna wako,
Rosamel

Achemwali, ndi zoona, ndinakana ndekha. Anandiuzadi kuti njira ndi iyo, koma ananena akuyang'ana pansi. Ndikachoka awapatsa munthu wachilendo, ndipo wachilendo akamva mzati amathawa yekha osacheuka, sangadziwe kuti pali wofunika kugendedwa. Ndawapempha tibwerere tonse ndi theka lomwelo, akuti ng'ombe imodzi sikoka goli. Tránsito mumuuze kuti sindinapeze wina, akazi a kuno amaopa nkhope yanga.


Coronel, 1 Disembala 1912

Clorinda,

Tili moyo. Ndamva kuti amayi akudwala miyendo ndipo akufunsa tsiku lililonse. Ndamvanso mawu omwe unawonjezera kumapeto. Sindiyankha, chifukwa ndikayankha tikangana pa pepala, ndipo wolemba ali kumbali yako.

Mwezi uno sindinatumize kanthu. Mpita wathu unagwa pang'ono n'kukwirira ngolo, piki ndi fosholo, ndipo kampani yadula mtengo wa zonsezi pa malipiro athu. Masiku anayi okonza malowo sanatilipire. Palibe anavulala. Zimenezi zatibweza m'mbuyo, choncho Khirisimasi tidyera kuno. Tidzafika kumapeto kwa Januwale. A kwa Tránsito uwapepese, ukwati uchitike tikatha kupuntha tirigu, nthawi yomwe chakudya chimakhala chambiri.

Ana uwagulire nsalu ya malaya pa ndalama ya nkhumba.

Rosamel

Achemwali, sikunagwe pang'ono. Mizati inalira ngati nkhuni zaziwisi pamoto. Ndinawagenda, ndinawagendanso, iwo anangogwedeza phewa kuyesa ndikusewera. Ndinachita kuwamenya ndi chibulumwa chachikulu m'mutu ndiye anadzuka. Titangotuluka, kumbuyo kwathu kunatsekeka. Khutu lakumanja nalonso likupita, madzulo ano ndachita kukuwa kuti amve kalata yanu, mpaka mayi wa nyumba anamva zonse. Ndasiya kuwagenda mosewera. Usiku sindigona bwino, bedi likangolira ndimadzuka n'kuyamba kuthawa. Ndawauza kuti Januwale ikatha ndikupita, atsale asatsale. Mundipempherere, koma amayi musawauze chifukwa chake.


Coronel, 19 Januwale 1913

Wokondedwa mkazi wanga Clorinda,

Moni wa chaka chatsopano kwa iwe, ana ndi amayi. Ife tili bwino, ndipo kalata ino ndi yomaliza, yotsatira tidzabwera nayo pakamwa.

Ndamva kuti tirigu wacha ndipo mbalame zayamba. Usadikire ife. Uitane ana a Zenón amwete munda wa amayi poyamba, wathu pambuyo, uwalipire ndi tirigu yemweyo. Pa mitolo ukhale maso, wamkuluyo manja ake ndi aatali.

Malipiro a pa 1 Febuluwale akakhala m'manja, ndalama yakwana. Lamulungu lake tikwera sitima, Lolemba madzulo tili pakhomo. Baudilio amafuna tinyamuke sabata ino, koma ndamupempha masabata awiri okha. Ndamupempha, sindinamulamule, ndipo aka n'koyamba kupempha kanthu kwa mwana yemwe ndinkamunyamula paphewa ndikukufunsira iwe. Anandiyang'ana nthawi yaitali n'kuvomera.

Ndinene chinthu chimodzi, ndipo alembe osaseka. Ndimaopa, Clorinda. Ndimaopa chikepe chikangoyamba kutsika. Pansi paja sindimva piki yanga yomwe, ndimangoimva m'manja. Ndikadzafika sindidzatsikanso ngakhale m'chitsime. Ndasowa iwe, ndasowa fungo la udzu, ndipo ndikufuna ndimve mawu a Zoila khutu ili lisanatsekeke. Uziwauza ana kuti bambo akabwera azilankhula mokweza, asadzayese ndawakwiyira.

Uphe nkhuku ziwiri, mlongo wako akuti walota nkhuku. A Zenón atsuke ng'ombe zija.

Ine mwamuna wako,
Rosamel

Achemwali, sindinaseke. Ndagula nsalu yobiriwira ya Tránsito ndi shawelo ya amayi, musawauze. Alamu andilonjeza kuti tsiku la ukwati ng'ombe zawo ndizo zidzakoke ngolo ya mkwatibwi, ndalemba pano kuti asadzakane. Nkhukuzo zikhale zitatu.


Coronel, 9 Febuluwale 1913

Clorinda,

Ndikhulupirira iwe ndi ana muli moyo. Inenso ndili moyo. Zolemba ukuzionazi ndi dzanja la a Custodio. Ana uwatulutse panja, ukhale pansi. Ndawauza alembe momwe ndikunenera, osakonza.

Baudilio wamwalira. Linali Lachinayi, pa 30 Januwale, kutatsala masiku awiri kuti tilandire malipiro aja. Ndikudziwa unaphika Lolemba n'kudikira pamsewu. Ndinali m'chipatala cha kampani, ndipo nditatuluka ndinalibe pakamwa ponenera.

Iye anali atatuluka kale, Clorinda. Anali atakankha ngolo mpaka kunjanji yaikulu, komwe denga ndi lolimba. Ine ndinatsala ndekha kumapeto kwa mpita, nditagona chammbali, ndikukumba. Zotsatirazi sindinazimve, andiuza a Custodio omwe anali pomwepo. Mizati inalira ndipo anthu onse anathawa. Baudilio anaima pakamwa pa mpita n'kumaitana dzina langa mpaka mawu kusasa. Anagenda malasha, koma mpitawo ndi wokhota, sanandifike. A Custodio anamugwira dzanja n'kumuuza kuti, "Mwana iwe, yalira kale, usalowe." Iye anangoti, "Samamva, a Custodio," n'kudzipulumutsa m'manja mwawo.

Zomwe ndikudziwa ndekha ndi izi. Munthu anandigwira lamba n'kundikoka, kenaka anandikankhira kutsogolo mwamphamvu mpaka ndinagwa ndi bondo pamwala. Ndinatembenuka ndi ukali n'kumuuza kuti, "Wapenga, galu iwe?" Amenewo ndiwo mawu omaliza omwe anamva kwa ine. Ndinaona pakamwa pake pakuyenda, anandikankhanso, kenaka mphepo inandiponya ndipo nyali inazima.

Anzathu anakumba masiku awiri osalipidwa. Madzi a nyanja atayamba kulowa, kampani inalamula kuti amange khoma. Mtembo kulibe, ndipo sudzakhalako. Wansembe anapemphera pamwamba, pafupi ndi chikepe, ogwira masana akudikira kuti atsike. Kampani yati anabwerera mwa kufuna kwake pamene lamulo ndi lothawa, choncho chipukuta misozi palibe, angopereka malipiro ake. Ine dokotala anandiyeza makutu n'kundichotsa ntchito. Lakumanja latsala pang'ono kwambiri, a Custodio akuchita kuika pakamwa pakhutu penipeni.

Ndinamupha ndine. A Custodio akukana kulemba zimenezi, koma ndawauza kuti akapanda kulemba ndikapeza wina. Anandipempha mu Okutobala, anandipempha mu Disembala, iwenso unandipempha, ine n'kumawerengera ng'ombe. A Zenón uwauze agulitse kwa wina, sindikufuna kuziona. Ndalama yonse ndi ya amayi. Katundu wake ndamanga, ndibwera naye. Kwa Tránsito upite wekha, ine sindingathe.

Ndifika Lachitatu madzulo. Usandichingamire, ndipo ngati sufuna ndilowe m'nyumba ndigona m'khola, sindidandaula. Koma amayi usawauze. Akafunsa uziti kalata sinafike. Ndine ndinaima pakhomo pawo n'kulonjeza, ndine ndikawauze.

Ndikupempha chinthu chimodzi, ngakhale ndi mlongo wako ndipo ulibe chifukwa chondichitira chifundo. Tikapite limodzi, ukaime kudzanja langa lamanja. Amayi amalankhula motsitsa, ndipo zomwe akandiyankhe sindikazimva. Ukandibwerezere m'khutu mawu awo onse mmodzimmodzi, usakachotsepo ngakhale amodzi.

Rosamel Cifuentes